Chikhakha cha Tabita

Anthu akamuona mng'ono wanga Lestina akukwera chitunda cha kutchalitchi atabereka mwana wamkulu, miyendo ili lendelende mpaka m'maondo, amayamba zonong'onezana. Ena ati akumulera moipa, ena ati pali zamatsenga. Asa! Pakamwa pa anthu sipatopa. Ine Alesi ndinalipo kuyambira tsiku limene mwendo unathyoka, ndiye imvani kwa ine, osati kwa akazi a kuchitsime amene sanagwireko ngakhale ngodya imodzi ya chitseko chija.

Tinabwera kuno ku esiteti ya tiyi tili atsikana, kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi, kuthawa chikoti. Mayi athu anatsala komweko m'manda. Ndiye musandifunse kuti bwanji mwana sanasiyidwe kwa agogo ake. Agogo ake ati? Kumalaini kuno, kunyumba za antchito, aliyense wa manja awiri amatchola tiyi, ndipo nyumba ndi ya bwana. Ukasiya ntchito wasiyanso denga.

Lestina anakwatiwa ndi a Simeoni, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Ntchito yawo ndi kumata ndi kupaka njereza nyumba za pa esiteti. Alamu angawo akaona khoma lang'aluka mtima suwakhala m'malo, ngakhale likhale khoma la eni. Mwana anali mmodzi yekha, Tabita, awiri oyamba atabwerera ali akhanda. Chaka chimenecho, cha 1934, Tabita anali atangosiya bere: kamwana kothamanga, kolongolola, kosamva "khala pansi".

Mvula yoyamba isanagwe, amuna anaunjika zipika za bulugamu kuseri kwa malaini, zokasonkhezera kufakitale. Ana ankakwerapo, nanga mwana ungamuletse mulu wa mitengo? Tsoka silinunkha. Chipika chimodzi chinagubuduka n'kumupsinja Tabita pantchafu ya kumanzere. Kulira kwake ndinakumva ndili kumtsinje, ndipo ndinadziwa kuti si kulira kwa mwana wolandidwa chinangwa.

Lestina sanadikire munthu. Anamutola, n'kumuika kumbuyo, n'kumanga nsalu monga amachitira mayi aliyense, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Ndi patali kumeneko: ukanyamuka dzuwa likutuluka umafika litapendeka, ndipo pakati pali mtsinje wowoloka ndi mapazi. Ine ndinali pambuyo ndi kamphika ndi ufa. Mwana analira njira yonse mpaka mawu anatha, n'kutsala kungotsegula kukamwa.

Kuchipatalako anamutenga n'kutitsekera kunja. Atatiitana, abale inu, ndinachita kugwira khoma. Tabita anali chigonere chagada, kuyambira pachifuwa mpaka kuchidendene cha kumanzere ali mbee, wouma gwa. Mwendo wa kumanja nawo anaukuta mpaka pabondo. Miyendo inali tang'a, kamtengo kopingasa pakati, ndipo pansi anasiya kabowo kodzithandizira. Mutu ndi manja zokha ndi zimene zinali za mwana wathu.

Namwino amene ankatisamalira anali a Dainess, mayi wa Chisabata wa kwa Mphuka, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa ana. Anagogoda chinthu choyeracho ndi chala.

"Azungu amati pulasitala, ife timati chikhakha," anatero. "Fupa lathyoka pakati. Ichi chiligwira kuti ligwirane mowongoka. Mwezi ukatuluka kawiri mubwere naye tidzachotse. Koma imvani bwino, mayi. Chisanyowe. Chikanyowa chimafewa, ndipo fupa limayenda m'katimo. Musalowetse kanthu ngakhale alire kuti kukuyabwa. Musamunyamulire pa kamtengoka. Muzimutembenuza, nthawi zina chagada, nthawi zina chafufumimba. Muziyang'ana zala za kuphazi: zikazizira kapena kutupa, bwerani msanga."

Lestina ankangogwedeza mutu, maso ali pa miyendo yotang'adzayo. Kenaka anafunsa chimene chinali pamtima pake.

"Nanga ndizimubereka bwanji?"

"Simumubereka, mayi."

"Ngakhale pang'ono? Akalira?"

"Ngakhale pang'ono. Mukamubereka chikhakha chithyoka m'chiuno."

Ine pakamwa panga mumapadziwa. "Anamwino," ndinatero, "mwana wosaberekedwa ndi mwana wa munthu kapena wa nkhuku? Nanga kwathu tikafika naye bwanji, timukunkhuniza?"

A Dainess sanakwiye. Anati timunyamule chogona, pa chinthu chathyathyathya ndi cholimba, amuna anayi, osagwedeza. Tinatumiza mawu kwa a Simeoni. Paja amati wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Alamu anga anachita kuchizula. Chinali chitseko cha matabwa chimene anakhoma okha, chokhacho m'laini yonse, enafe tikutsekera bango. Bwana analola amuna atatu kuti awaperekeze, poti zipika zinali za esiteti ndiponso tiyi anali asanaphuke.

Tinayala chiguduli pa chitsekopo, n'kumugoneka Tabita, n'kumumanga ndi nsalu m'chifuwa kuti asatsetsereke. Dzuwa linali loswa mtengo ndipo ntchentche zinali kumaso kwake, choncho Lestina anavula nsalu yake yapamwamba n'kumufunditsa mpaka kumutu. Amuna anasenza chitseko pamapewa. Tinanyamuka, amuna patsogolo mwakachetechete poopa kugwedeza, akazi awirife pambuyo.

Sitinaganize n'komwe kuti tikuoneka bwanji. Tisanapite patali, bambo wina wa njinga anatsika, n'kuvula chipewa, n'kupatuka kuima m'tchire. Patsogolo pake akazi ochokera kumunda anatula madengu n'kugwada m'mbali mwa njira. Pofika pamudzi wina, mayi wachikulire anatuluka manja ali kumutu, n'kuyamba kubuma: "Mayo, mwana! Mayo, kamwana kakang'ono!" Anzake anamulandira kulirako. Chinthu chachifupi, chofundidwa nsalu, amuna anayi atasenza, akazi pambuyo: ndani akanati si chithatha cha maliro?

Lestina anathamanga n'kukoka nsalu ija mwaukali. "Ali moyo!" anakuwa. "Mwana wanga ali moyo! Mukumulirira ndani? Tsekani pakamwa panupo!"

Tabita anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Mayi uja anasuzumira, n'kuona thupi loyera lolimba lokhala ndi mutu wolira, ndipo anabwerera chafutambuyo. Kuchokera pamenepo Lestina anakana kumufunditsanso. Anathyola tsamba la nthochi n'kumayenda pambali, dzanja lili m'mwamba, kumutchingira dzuwa. Paliponse pamene tinkakumana ndi anthu ankayamba yekha kunena asanafunsidwe: "Ali moyo, wangothyoka mwendo." Mawu amenewo anawanena mpaka tinafika, ndipo ine anandilowa m'mutu moti nthawi zina ndimawamvabe.

Kunyumba chitseko sichinabwerere pakhomo. Chinakhala bedi la Tabita, chitasanjikidwa pa miyala, pansi titathira phulusa kuopa nyerere. Pakhomo anapachika mphasa. Ndiye ntchito inayambika. Kumutembenuza, anthu awiri. Kudzithandiza, wina kukweza chitseko kumutu kuti madzi asabwerere m'kati, wina kuika chigoba pansi. M'mbali mwa kabowo tinkatsendera tinsanza touma, tikanyowa tichotse, tichape, tiyanike. Pomudyetsa tinkamuyala nsalu pakhosi kuti nyenyeswa zisagwere m'chikhakha. Kusamba kunali kwa kansanza konyowa, kumaso, m'khwapa ndi ku zala basi.

Zonsezo zinali zopiririka. Chosapiririka chinali pakamwa pa mwana. Kukamuyabwa m'kati ankakanda chikhakhacho mpaka zikhadabo kutha, akupempha kamtengo, ife n'kumakana. Akatopa nazo ankatambasula manja.

"Amayi, ndiberekeni."

"Mawa, mwanawe."

"Amayi aakulu, auzeni andibereke."

Ine ndinkatuluka panja ngati ndaiwala chinthu. Mwana ameneyu chibadwire anali asanagonepo tulo ta masana kwina kosakhala kumsana kwa mayi ake. Lestina anapeza nzeru yake: ankagona pansi m'mbali mwa chitseko, atamufulatira, msana utagunda thabwa, n'kukutira nsalu imodzi onse awiri. Tabita ankagwira khosi la mayi ake ndi dzanja limodzi n'kununkhiza msanawo mpaka tulo. Ndinkangowayang'ana, nanga ndikanatani?

Kenaka mvula inabwera, ndipo tiyi anaphuka. Inu amene simunatcholepo simudziwa. Mvula ikakhazikika, mzere umene watchola lero mkuja uli biriwiri ngati sunaupondepo. Nyengo imeneyo palibe wodwala, palibe wa maliro, ngakhale Lamulungu limadyedwa ndi tiyi. Kapitawo wathu, a Goodson, ankazungulira malaini m'mamawa ndi ndodo, kugogoda khomo ndi khomo. Pa khomo la Lestina panalibe chogogoda, ndiye ankamenya mphasa.

"Mayi a Tabita, mwapuma mokwanira. Bwana akufunsa ngati nyumba ino muli anthu a ntchito."

"Mwana ndimusiya ndi yani, akapitawo?"

"Anzanu amapita nawo kumunda."

"Anzanga amabereka."

A Goodson anayang'ana kumbali. Si munthu woipa kwenikweni, ndisawanamizire. Nawonso ali ndi wowakalipira, ndipo nyumba yawo ndi ya bwana yemweyo. Koma ndodo inali m'manja mwawo, osati mwathu.

Choncho m'mawa uliwonse ine ndi Lestina tinkanyamula chitseko, wina kutsogolo wina kumbuyo, madengu ali kumsana, mpaka m'mphepete mwa munda umene tapatsidwa. A Simeoni anatikhomera kachisakasa ka masamba a nthochi kosunthika, tinkakaimika pansi pa mtengo wamthunzi. Tabita ankakhala mmenemo ndi chinangwa chake, akuyang'ana masamba. Lestina akafika kumapeto kwa mzere ankathamanga kukamuona n'kubwerera. Dengu lake silinkadzaza, ndipo pa sikelo ankamunyoza tsiku ndi tsiku. Tinayenda choncho kwa kanthawi, chikhakha chili chouma, zala za kuphazi zili zofunda. Ndinayamba kunena mumtima kuti mwina tipulumuka.

Tsiku limenelo anatipatsa munda wa pachitunda, ndipo mizere yathu inathera kutali, kumunsi. Dzuwa lili pamutu kunja kunada bii mbali ya kuphiri. Mphepo inayamba, yamphamvu, ndipo tisanatule madengu mvula inali itafika. Sinali mvula yogwa, inali yokhuthuka. Lestina anataya dengu n'kuyamba kukwera chitunda, akuterereka, akugwa, akudzuka. Ine pambuyo. Titafika, kachisakasa kanali katauluka kalekale. Tabita anali pamtetete, akumeza madzi, osatha ngakhale kutembenuka.

Lestina anadzigwetsa pamwamba pake, manja uku ndi uku, kuti mvula imenye msana wake. Ine ndinavula nsalu n'kuwafunditsa, ngati nsalu yonyowa ingatchinge kanthu. Koma madzi sanali ochokera kumwamba kokha. Ankatsika ndi chitunda, ofiira, n'kukwera pa chitseko, n'kulowa pa kabowo kaja ndi kumsana. Tinakweza chitseko m'manja n'kuima nacho, akazi awiri pakati pa munda, kopita kulibe: fakitale kutali, malaini kutali. Ndinatukwana mvula, ndinatukwana tiyi, ndinatukwana ndi zipika zomwe. Palibe chinamva.

Pofika kunyumba chikhakha chinali chotuwa, chozizira. Tinasonkha moto n'kumuika pafupi, kumutembenuza uku ndi uku. M'mawa mwake mwendo ndi chifuwa zinali zitaumanso, koma m'chiuno cha kumanzere, pamene ntchafu imayambira, munali mofewa ngati chinangwa choviika. Ukadina chala chinkalowa. Mng'alu unayenda kuchokera pa kabowo kuzungulira mpaka kumbuyo. Pomutembenuza, Tabita anakuwa kukuwa kuja kwa tsiku la chipika.

"Tibwerere naye kuchipatala lero lomwe, bambo a Tabita," anatero Lestina.

A Simeoni anapita kukaona mtsinje n'kubwerako mutu uli pansi. Madzi anali odzaza mpaka m'mitengo ya m'mbali. Anakhala pansi pafupi ndi mwana, n'kumasisita mng'aluwo ndi chala chachikulu, monga amachitira pa khoma.

"Ngakhale madzi atsike," anatero, "sitingamunyamule chili chotere. Chithyokera m'njira. Ndichigwirize kaye kuti chikafike."

Ndani akanatsutsa? Zinali zoona. Ine ndinalibe nzeru ina, Lestina analibe. Alamu anga anakakumba dothi la pachulu, lija lomata nkhokwe, n'kulikanda mpaka kusalala. Anang'amba chiguduli timizeremizere, n'kumativiika m'dothimo, n'kumakulunga m'chiuno mwa mwana, kudutsa pantchafu, kubwerera kumsana. Ankagwira mofatsa, akumuimbira kanyimbo ka Chilomwe, ndipo Tabita anaseka koyamba chinyowereni, ati dothi likuzizira. Litauma, mbali imeneyo inali yofiira, yoonekeratu kuti pagwa ngozi.

Pakanathera pomwepo, abale anga, bwenzi nkhani ino ili ina. Koma a Simeoni ndi a Simeoni. Munthu amene wakhala zaka akumata makoma sangasiye chigamba chofiira pa chinthu choyera, manja ake salola. Ndiponso ankachita manyazi kuti a Dainess akaona dothi adzati tamusunga mwana ngati nkhumba. Anabwera ndi njereza m'kachitini, n'kupaka, n'kudikira iume, n'kupakanso. Atamaliza, ngakhale ine amene ndinaona mng'alu ndi maso angawa sindikanaloza pamene unali. Chikhakha chinali mbee kuposa tsiku limene chinachoka kuchipatala.

Madzi atayamba kutsika, a Simeoni anapita kwa a Goodson kukapempha amuna atatu ndi masiku a ulendo. Akapitawo anati aone kaye okha. Analowa, n'kuwerama, n'kuyang'ana mbali zonse. Kenaka anagogoda m'chiuno muja ndi mutu wa ndodo: go, go, go.

"Chathyoka pati?"

"M'kati, akapitawo. Pamwambapa ndamata ine."

"A Simeoni, ichi chalimba kuposa khitchini ya bwana. Ndikamuuze mzungu kuti ndachotsa amuna anayi ndi akazi awiri m'munda, tiyi akukalamba, chifukwa cha chinthu chopanda ngakhale mng'alu? Akabwera kudzaona yekha, ndinena chiyani?"

"Muwauze zoona," ndinatero ine. "Kapena zoona zinatha pa esiteti pano?"

"Inu a Alesi, pakamwa panupo padzakugonetsani panja." Anatembenukira kwa a Simeoni n'kutsitsa mawu. "Kuchipata cha esiteti kuli mabanja ochokera kutsidya, akugona pansi pa mitengo, akudikira nyumba. Mukachoka popanda chilolezo, pobwera mudzapeza utsi wa eni ukutuluka muno. Ine ndakuuzani. Dikirani tiyi achepe."

A Goodson atatuluka, Lestina anatenga mpeni wosendera chinangwa. "Ndichiswa," anatero. "Ndichiswa aone okha."

Anagwada, nsonga ya mpeni ili pa njereza. Tabita ankamuyang'ana. A Simeoni sanamugwire dzanja, anangonena motsitsa: "Mukaswa, mayi a Tabita, mwendo ugwidwa ndi chiyani? Nanga akaona n'kukanabe?"

Mpeni unakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenaka Lestina anauika pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Onani mmene zinatikolera: tikaswa kuti atikhulupirire, fupa litsala lopanda chogwira, tikasiya, palibe wotikhulupirira.

Tinayesabe. M'mawa wina ine ndi Lestina tinanyamula chitseko ngati tikupita kumunda, n'kukhotera njira ya kumishoni. Tinkati akazi awiri akasowa tsiku limodzi mwina nyumba sangalande, poti a Simeoni ali pa ntchito. Tinafika pamtsinje manja atachita dzanzi. Ndinalowa ndekha kuyesa: madzi m'chiuno, kenaka m'chifuwa, akukoka miyendo. Amuna anayi akanakweza chitseko pamwamba pa mitu n'kuwoloka. Ife awiri tikanangomupereka mwana kwa madzi. Tinakhala pamchenga, tsidya lija tikuliona, njira ya kuchipatala ikukwera bwinobwino pakati pa chimanga cha eni.

"Amayi, tafika?" anafunsa Tabita.

"Ayi, mwanawe. Tikubwerera."

Masiku anapita. Kukuwa pomutembenuza kunachepa, kenaka kunatha. Zala za kuphazi zinali zofunda, zosatupa, monga ananenera anamwino. A Simeoni ankazigwira m'mawa uliwonse n'kunena kuti, "Mwaona? Zili bwino." Ine ndinkavomera, poti munthu umafuna kuvomera. Koma Lestina anandikokera pambali tsiku lina n'kundilozera phazi. Pochoka kuchipatala zala zinkaloza kudenga. Tsopano chikhakha chonse cha mwendowo chinali chitapendekera kunja, zala zikuloza kukhoma.

"Achemwali, mukuona zimene ndikuonazi?"

"Wangogona mokhota," ndinatero.

Anatenga mwala n'kuukuta nsanza, n'kuutsamiritsa kuphaziko kuti liwongoke. M'mawa mwake linali litapendekanso. Anachita zimenezo tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse phazi linkabwerera kwake. Panayambanso kumveka kafungo kochokera m'chiuno, kamene sikanali ka mkodzo. Tinkakupiza ndi chipapa pa kabowo kuti mphepo ilowe, poti china chochita panalibe.

Mwezi unatuluka kawiri, unatulukanso kachitatu. Mvula itayamba kupepuka ndi pamene a Goodson anabwera okha n'kunena kuti amuna apezeka. Ulendo uno palibe anatilirira m'njira, chifukwa Lestina sanalole ngakhale kansalu kumaso kwa mwana.

A Dainess anatilandira ndi chimwemwe. "Mwachedwa, koma taonani kuyera kwake! Mwachisamala, mayi." Anatenga chilumo chachikulu chodulira n'kuyamba kuchidendene, akukwera. Chinkadula bwino mpaka pantchafu. Pamenepo chinalira mwachilendo, ndipo pansi panagwa zibuma zofiira. A Dainess anaima. Anatola kachidutswa, n'kukafikisa m'zala, n'kuona ulusi wa chiguduli.

"Anamata ndani?"

"Ndine," anatero a Simeoni, chipewa chili m'manja. "Chinanyowa. Ndimati chikafike."

Ndinakonzeka kuwayankha akayamba kukalipa, mawu anali kale pamilomo. Koma sanakalipe. Anangopitiriza kudula, pang'onopang'ono, n'kutsegula. Pansi pa dothi la alamu anga, chikhakha chenicheni chinali chitasanduka zinyenyeswa. M'chiuno munali chilonda chachikulu ngati chikhatho changa. Ndipo mwendo, kalanga ine! Wowonda ngati bango, wokhota pakati pa ntchafu, bondo ndi phazi zikuyang'ana kunja. A Dainess anaika zidendene ziwiri pamodzi. Cha kumanzere chinathera pamwamba pa kakolo wa chinzake.

Dokotala anabwera, n'kugwiragwira ntchafuyo nthawi yaitali. Analankhula m'Chizungu motsitsa, a Dainess n'kumatanthauzira, maso ali pansi. Ati fupa lagwirana, ndipo lagwirana zolimba, koma linagwirana litaphonyana ndi kupotoka. Ati kulithyolanso sangayerekeze, ndi chilonda chimenecho pafupi, mwana angatisiye. Chilonda adzachiza. Kuyenda adzayenda, koma motsimphina, ndipo osati patali.

"Tikanabwera sabata imene chinanyowa?" anafunsa a Simeoni.

A Dainess sanatanthauzire funsolo kwa dokotala. Anangoyamba kusonkhanitsa zidutswa za chikhakha m'beseni. Alamu anga anatuluka, ndipo ndinawaona pawindo ataima kuyang'ana khoma la chipatala, manja ali kumbuyo.

Lestina sanalire. Anadikira mpaka chilonda atachitsuka ndi kuchimanga, kenaka anafunsa ndi mawu aang'ono, ngati mwana wopempha mchere kwa eni.

"Anamwino, tsopano ndingamubereke?"

"Muberekeni, mayi."

Anawerama. Ine ndinamunyamula Tabita, wopepuka ngati dengu lopanda kanthu, n'kumuika pamsana paja. Mwana anakumbatira khosi, n'kuika tsaya pakati pa mapewa, ndipo nsalu isanamangidwe n'komwe anali atagona. Lestina anayenda naye pakhonde la chipatala, uku ndi uku, osafuna kukhala pansi. Amuna aja anabwerera ndi chitseko chopanda munthu, ndipo a Simeoni anachibwezera pakhomo.

Papita zaka tsopano. Tiyi akuphukabe, a Goodson akugogodabe makomo, ndipo alamu anga chaka chilichonse amapaka njereza nyumba ya bwana, poti ntchito yawo ndi yomweyo. Kunyumba kwawo kokha makoma ndi ofiira, ndipo palibe amene amawafunsa chifukwa. Tabita amayenda pabwalo, akugwetsa phewa limodzi, phazi likukokera kumbali. Kuchitsime amafika. Koma chitunda cha kutchalitchi, kapena njira ya kusukulu ya mishoni kumene anzake anayamba chaka chatha, akafika pakati chiuno chimagwira moto ndipo amakhala pansi.

Lamulungu lapitali tinali pa chitunda chomwecho. Tabita anakhala pamwala, milomo italumidwa, osafuna kunena kuti zamupweteka. Lestina anamasula nsalu n'kuwerama, monga mwa masiku onse. Mwana anakwera. Ndi wamtali tsopano, mapazi ake amamenya mayi ake kuseri kwa maondo. Kutsogolo kunali atsikana a msinkhu wake, ndipo mmodzi anacheuka n'kukodola anzake.

Ndinamva Tabita akunong'ona kukhutu kwa mayi ake.

"Amayi, nditsitseni. Anthu akutiona."

Lestina anaima pang'ono. Anayang'ana chitunda chimene chinatsala, n'kuyang'ana phazi lija likulendewera pambali pake. Kenaka anakoka nsalu, n'kuimangitsa pachifuwa, n'kupitiriza kukwera.